Kachipinda ka Kuseri

Kachipinda ka kuseri, koyang'ana ku mpanda wa a Kaliwo,
panalibe wokawerengera.
Ndimo munkagona ndowa zobooka, mopu wothothoka,
simbi yamakala yoguluka chogwirira,
ndi thumba la simenti limene linauma tisanamange khonde.
Khoswe akafuna pofera, ankasankha momwemo.

Chaka chimene ndinapuma ntchito pachipatala cha Salima
ndinatulutsa zonse pabwalo, mphemvu zikuthawira kumapazi.
Bambo a Tiyese anati, tiikemo matailosi.
Ndinati ayi, ine ndikufuna dothi.
Anavula magalasi, nandiyang'ana ngati ndayamba kubwebweta:
"Zaka makumi atatu takhala tikuthawa kuzira,
lero ulipire ngolo kuti ikututire umphawi pakhomo?"

Ngoloyo inabweradi, kuchokera ku Khombedza,
dothi lakuda la kudambo
ndi lofiira pang'ono, lokwana beseni.
Ndinagwada. Mawondo anadandaula
koma manja anali asanaiwale:
zungulira, bwerera, zungulira,
mizere ikugonerana ngati mamba,
kenako mwala wokhulira, kwee, kwee,
mpaka pansi panayamba kung'anima ngati mphumi ya mwana wodzola.

Khoma ndinalipaka laimu,
m'munsi lamba wakuda wolekeza m'chiuno.
Pamwamba pa lambayo ndinadinda madontho ndi chala,
ofiira, osafanana, ena otsetsereka.
Sindinakonze.

A Kaliwo anamanga mashelefu atatu a nsungwi,
ndinawaletsa misomali, anamanga ndi luzi akung'ung'udza.
Kudenga tinayala bango kubisa malata.
Sopo wochapira ndinamuika m'kansengwa,
mapegi m'chikho chong'aluka pakamwa,
tsache la mlaza pakhomo, mutu pansi,
malichero awiri pakhoma ngati maso a kadzidzi.
Pawindo, chitenje chimene ndinaberekera Tiyese,
maluwa ake anafwifwa kalekale, koma ine ndimawaona.

Makina ochapira aja anatumiza mwanayu kuchokera ku Joni
aima pakona, oyera mbee, amanyazi,
ngati mlendo wofika paukwati wosaitanidwa.
Amagwira ntchito tsiku limene magetsi ndi madzi
apangana kubwera limodzi.
Masiku ena onse ndimawafunditsa mkeka wa mayi Asiyatu a ku Lifuwu
ndi kuwasenzetsa mtsuko.
Sanakanepo.

Tiyese ataona zithunzi pafoni anaseka:
"Amayi, kumalo ogona alendo azungu amalipirira zimenezitu!"
Ndinati awo ndi awo.
Ine ndimafuna fungo limene limatuluka
ukawaza madzi pansi pozira m'mawa.

Kenako unafika Okutobala wa kuno,
uja amafewetsa phula pamsewu,
mphepo n'kukhala pansi osadzukanso.
M'nyumba yonse ya simenti munali ngati muuvuni wa njerwa.
Tsiku lina masana ndikufuna bambo a Tiyese,
pabalaza palibe, pansi pa mango palibe.
Ndinakankha chitseko cha kuseri:
ali gada pamkeka, malaya pamsana pa makina,
tsaya litagunda dothi lija la umphawi,
mkonono ukugwedeza malichero.

Ndinabweza chitseko pang'onopang'ono.
Madzulo sindinanene kanthu, iwonso sananene.
Anangofunsa, maso ali pawailesi,
ngati ku Khombedza dothi likadalipo,
poti pakona paja payamba kung'aluka.

Ndipo sabata yatha, thadzi la a Kaliwo
linadumpha mpanda, linasuzumira, linaona kuti ndi kwawo,
n'kuikira dzira m'dengu la zovala zosasita.
Lero alipo anayi.
Malaya a kutchalitchi a bambo ali pansi pake,
ndipo eni akewo akuti tisalisokoneze,
Lamulungu avala ena.