Mizere Iwiri ku Easington

Bambo Heslop amasunga kapepala m'thumba la jekete,
kodula m'nyuzipepala, kothetheka m'mopinda.
Pali mizere iwiri.
Wapamwamba ndi dziko lonse la Mangalande,
wapansi ndi boma lawo lino la Durham:
ndalama za pachaka, atazigawa pamutu pamutu.

"Taona, Tiyanjane," amatero ndikamawamanga mabatani,
"apa tinkayenda moyandikana
ngati anthu ochokera kumaliro amodzi."
Chala chawo cha zipsera za malasha
chimalondola mzerewo mpaka chaka chomwe mgodi unatsekedwa.
Pamenepo chimaima.

Wapansiwo sunagwe ayi, ukukwera ndithu,
koma kukwera kwake n'kwa nkhalamba pa masitepe
mnzake atalowa kale m'chikepe.
Poyamba pampatapo pankalowa chikhadabo chokha.
Lero pakulowa chala chachikulu, malo n'kutsalako.

Panja mphepo ya kunyanja ikugubuduza chitini
kudutsa pomwe panali banki, pomwe panali butchala,
mpaka pakhomo pa shopu ya njuga, yokhayo yosatseka.
Mdzukulu wawo anapita ku Reading ndi digiri yake,
malipiro ake akukankha mzere wa ena.

Ine amandiwerengera pa wapansi,
ine ndi maola anga a usiku ndi nsapato zonyowa.
Koma Lachisanu ndikatumiza kangachepe ku Mchinji
yankho limabwera loti, "Moni kwa olemera."

Bambo Heslop apinda kapepala kaja kanayi.
"Tiyi wazizira," akutero.
Ndiyatsanso ketulo.