Mamita Makumi Atatu Pansi pa Jombo Zanga

Usiku wachisanu chichokereni ku Lowestoft.
Khofi wazizira m'kapu, wachita khungu pamwamba.
Kunja nsanamira zoyera zaima m'nyanja mpaka m'chiuno,
mapiko atatuatatu akupalasa mdima,
nyali zofiira zikuphethira nthawi imodzi
ngati zinachita kupangana.

Utting watsitsa kamera.
Chingwe chikulira pa gudumu lake,
ine maso tong'o pa galasi:
mamita khumi, makumi awiri, makumi atatu,
tizinyalala ta m'madzi tikuyandama ngati ufa wotayika.
Kenako mchenga.
Mchenga. Chigoba cha nkhono. Mchenga.
Chitini cha mowa chomwe nkhanu yasandutsa khonde.
Ndikulemba m'buku: palibe, palibe, palibe,
mpaka dzanja layamba kulemba lokha.

Pa malo a nambala 47
pansi pasintha nkhope.
Timachubu, timachubu, tothinana, tomatana,
ngati mipope ya limba la m'tchalitchi logumuka.
"Imani pomwepo," ndanong'ona mu wailesi,
ngati nyongolotsizo zingandimve n'kuthawa.

Sizithawa. Zilibe kothawira.
Iliyonse imatola mchenga kanjere kamodzikamodzi
n'kumata ndi malovu ake,
khoma la mnzake n'kukhala khoma lake.
Palibe anazijambulira pulani.
M'mipata mwadzaza alendo osalipira lendi:
kankhanu kodula dzanja limodzi,
tinsomba tamaso akuluakulu,
kanyenyezi ka m'nyanja kopinda mwendo ngati katopa ndi ulendo.

Bambo anga ankawadziwa malo ano popanda galasi.
Ankawadziwira ku ukonde wong'ambika,
ku zibuma zotuwa zogwera pa matabwa a chombo.
Ankaziponda ndi jombo, kutukwana, kuzikankhira m'madzi.
Zaka makumi atatu akukoka unyolo pansi pompano
kuti ife tidye,
kuti ine ndipite kusukulu
komwe anandiphunzitsa dzina la Chilatini
la chinthu chomwe iwo ankachitcha zinyalala.
Sindinawauzepo.
Ndinkati ndidzawauza pa Khirisimasi, kenako pa Khirisimasi ina.
Anapita ndisanapeze poyambira.

Lolemba a Gooderham adzatsegula mapu ku ofesi,
mzere wawo wowongoka wa nthambo yamagetsi
udzagundana ndi kadontho kanga kofiirira.
Adzavula magalasi, adzatikita pamphuno,
adzafunsa: n'chachitali bwanji? Chatambalala bwanji?
Nanga chaka chamawa chidzakhalapo?

Funso lomalizali ndilo limandisowetsa tulo.
Chaka chatha tinapeza mudzi ngati womwewu
kumpoto kwa nsanamira yachisanu ndi chinayi.
Ndinaujambula, ndinausainira.
Januwale anabwera ndi namondwe wake,
pobwerera tinapeza mchenga uli see,
ngati ndinachita kulota.

Komabe ndiyeza.
Masentimita asanu ndi atatu apa. Apo khumi ndi awiri.
Chombo chikupendekeka, pensulo yagubudukira pansi pa tebulo,
ndaisiya, ndatenga ina.
Nthambo ikhote mamita makumi asanu chakum'mawa,
za ndalama zake awerenge ena.
Tsiku lina ketulo idzawira ku Norwich
ndi magetsi olambalala nyumba za nyongolotsi,
mwini wake osadziwa kanthu,
akuyasamula, akufunafuna supuni m'sinki.

Utting akufunsa ngati akweze tsopano.
Zala zake zauma ndi chisanu, ndikudziwa,
ndipo patsala malo khumi ndi atatu kusanache.
"Miniti imodzi yokha," ndatero.

Pa galasi, pakamwa pa kachubu kamodzi,
tatuluka timaubweya tosaoneka bwino,
tikupapasa madzi akuda,
kupapasa,
kupapasabe,

tagwira kanjere.