Nyali Zisanu ndi Ziwiri ku Biwi

A Chikakwiya anandiitana mamawa,
fumbi la Okutobala lisanadzuke pa Biwi:
"Tabwera, mwana wa a Nsewa, makina anga achita khungu diso limodzi."

Makinawo ndi aja a kampira kachitsulo,
pinibolo, amatero anyamata a pa depoti.
Anabwera pa lole kuchokera ku Joni kalekale,
miyendo inayi ngati ng'ombe yokalamba,
galasi lake lodzaza zidindo za mabotolo.
Kumanzere kukuwala. Kumanja nyali zisanu ndi ziwiri zili zii,
mzere wonse, kuyambira pakona mpaka pakamwa pomezera mpira.

Ndachotsa galasi, ndaliyedzeka pa makireti.
Ndatukula bwalo lake ngati boneti ya galimoto,
ndachirikiza ndi mpini wa tsache.
Fungo: fumbi, mkodzo wa khoswe, mowa wa chaka chatha.
Mphemvu ziwiri zathawa osalipira lendi.

Bambo anga ankati: uziyamba ndi chotchipa.
Ndazula babu lakufa, ndalilowetsa kumanzere,
layaka, lopanda ndi manyazi omwe.
Babu lilibe mlandu.
Ankatinso: nyali imodzi ikafa, ndi matenda ake;
zikafa zisanu ndi ziwiri tsiku limodzi
usafunse nyalizo, kafunse chitsime chomwe zimamwera.

Fiyuzi ndaipeza yakuda ngati dzino lobooka.
Pansi pake pagona zina zitatu zakufa
ndi kapepala kasiliva ka m'paketi ya ndudu.
Ndayang'ana a Chikakwiya. Iwo ayang'ana kudenga.
"Ndi mlamu wanga uja," atero.
Alamu amasenza milandu yambiri mu Lilongwe muno.

Ndaika yatsopano. Ndayatsa.
Thu! Yapsa ndisanaphethire.
Mita yalira kuti penapake waya
akupsompsona mnzake wosayenera.

Tsono ulendo: soketi ndi soketi,
chala chikulondola waya wobiriwira,
katochi mkamwa, thukuta m'maso.
Panja amakanika akumenya rimu ndi nyundo.
Mnyamata wogulitsa mazira wasuzumira pakhomo:
"Achemwali, mumazitha zimenezi?"
Sindinamuyankhe. Mkamwa muli tochi.

Yoyamba, dzimbiri chabe. Ndapala ndi sandipepa.
Yachiwiri ili bwino. Yachitatu ikugwedera, ndaimanga.
Yachinayi ndaikayikira mphindi makumi awiri pachabe,
ndipepese kwa iyo.
Kuseri kwa yachisanu ndi chimodzi,
kumene dzanja limafika litasupuka,
kanthu kakuthwanima pakati pa timiyendo tiwiri tamkuwa.

Ndasolola ndi pulayala:
kandalama ka tambala imodzi, kakale kaja,
kodera mbali ina ndi moto.
Lero sikangagule ngakhale ndodo ya machesi,
wosesa mumsika amakasiya pomwepo,
koma kanagudubuzika mumdima chaka ndi chaka,
kanapeza pogona,
n'kuzimitsa mzere wonse miyezi itatu.
Anakaponya ndani? Mwana wofuna kusewera ulere?
Pano mwina ali ndi ana ake ku Kawale,
ndi ngongole zake, ndi mita yake yodya mayuniti.

Yatsala fiyuzi imodzi m'thumba mwanga.
Ndapukuta manja. Ndapuma kaye.
Ndayatsa.

Imodzi, ziwiri, zitatu, mzere ukudzuka,
yomaliza yazengereza ngati munthu wogona masana,
kenako ngwee.

A Chikakwiya akoka kachogwirira, kampira kauyatsa liwiro,
mabelu akulira, nkhope yawo yafiira,
yabiriwira, yafiiranso.
Zaka makumi asanu ndi limodzi zawathawa m'mapewa,
aiwala kuti ndilipo.
Za malipiro akuti Lachisanu,
osacheuka n'komwe.

Kandalama kaja ndakaponya m'thumba la ovolosi.
Ndiye chikole changa kufikira tsikulo,
ndipo ndikudziwa pokabweza.