Pakhomo la Kumaso

Malipiro atalowa Lachisanu
ndinati, "Amayi, valani chitenje chija cha paukwati,
lero musakhudze mbaula."
Tinakwera takisi pa Kauma, fumbi la Okutobala lili m'mano,
ulendo wa ku Eriya 12, kumene anzanga a kuntchito amadyera akalandira:
nyumba wamba ya mpanda wa maluwa,
matebulo ena pakhonde, ena pakapinga,
tinyali tolendewera m'nthambi.

Galimoto itaima pageti amayi anangoti zii.
Anatsika n'kulunjika kumanzere,
kanjira ka kuseri kodzera pampopi.
Ndinawagwira mkono. "Khomo ndi ili, Amayi."
Anasekera m'mphuno.
"Miyendo siiwala, mwanawe.
Zaka khumi ndi zinayi ndinkalowera uko."

Sindinadziwe. Ndithu sindinadziwe.
Ndinkangodziwa kuti amapita kumayadi
ife tikadali m'tulo,
n'kubwera madzulo manja akununkhira sopo wa eni ake.

Mnyamata wotilandira, dzina pachifuwa, Chiletso,
anawakokera mpando.
Amayi anacheuka
ngati pali wina akubwera kudzakhalapo.

"Pano panali pabalaza," anandinong'oneza.
"Apo panali piyano yosalizidwa ndi munthu.
Mng'alu uwo, pansi pa tebulo la akusekawo,
ndinaupaka polishi wofiira mpaka maondo anga anada."

Muno mulibe wovala tayi.
Bambo wina wavula nsapato, akupuma zala,
kamwana kakuthamangitsa mphaka pakati pa mipando,
gitala akulira chapansipansi m'kabokosi ka pakhoma.
Koma mitengo ya papepala, ayi ndithu,
ndinaiphimba ndi chala chachikulu.

Chinabwera chidede m'tambula yaitali, ayezi akugundana.
Amayi analawa. "Ichi chimamera chokha kudzala kwathu."
Kenaka nkhuku yachikuda yootcha ndi mandimu,
mpunga wa Kilombero,
ndi bonongwe wotendera pakatikati pa mbale yaikulu,
kochepa ngati konyengerera wodwala.
Anatafuna nthawi yaitali, maso kudenga.
"Nsinjiro wakazinga bwino," anatero.
"Mchere ndiye wauopa."

Magetsi anathima. Palibe anadabwa.
Wina anaomba m'manja,
jenereta inatsokomola kawiri isanavomere,
ndipo mumdima waufupiwo ndinamva foloko ikugonekedwa pambale,
amayi akuswa fupa ndi manja.
Kuwala kutabwerera sanasiye.

Chiletso podzachotsa mbale anamugwira dzanja.
"Mtengo uja wa mapeyala kuseriko ulipo?"
"Ulipo, mayi. Mapeyala a mu saladi ndi omwewo."
"Ndinaudzala ine.
Njere yotola m'zinyalala,
chaka chimene uyu anayamba sitandade wani."
Mnyamatayo anandiyang'ana ine, anayang'ana iwo,
anachoka osayankha.
Ndinaganiza kuti tamuchedwetsa ntchito.
Anabwera ndi mapeyala atatu m'pepala la khaki,
ati atumiza ophika, sali pa bilu,
ati limodzi lapsa kale, awiriwo adikire Lamulungu.

Ndinalipira pafoni.
Theka la lendi linapita ndi kulira kamodzi kokha,
ndipo sindinaliwerengenso.
Amayi anatenga kansalu kopukutira pakamwa,
anakapinda makona anayi, mwaluso, osayang'ana n'komwe,
monga ankachitira m'nyumba yomweyi
alendo a bwana asanafike.
Kenaka anakayang'ana.
Anakafunyulula,
nakasiya chomwecho patebulo, ndi dontho la msuzi.

Kunja nyenje zinali zitatopa,
a njinga zamoto akudikira pansi pa nyali ya pageti.
Mlonda anaimirira, navula chipewa.
Potuluka anatsogola ndi iwo,
mapeyala m'khwapa,
pakhomo la kumaso,
osafulumira.