Wosalaza Mchenga

Zaka makumi atatu ndakhala ndikufafaniza mapazi a anthu
pabwalo la ku Ganzhou.
Wina alumphe, ine ndisalaze. Ntchito yanga ndi yomweyo.

Ruan Peishan anafika ali kamtsikana ka miyendo ya kakowa,
nsapato zobwereka, atatsendera nyuzi kuzala.
Ankawerenga masitepe mokweza mpaka khumi ndi asanu ndi atatu,
a Kuang n'kumakalipa ali pampando wawo wansungwi:
"Leka kuyang'ana thabwa iwe, thabwa silithawa!"
Akagwa ankatembenuka msanga
kuti aone dzenje lake ndisanalikwirire.

Kenaka ndege inayamba kumutenga.
Bangkok. Doha. Mizinda ina lilime langa limakana.
Ife tinkasonkhana m'kanyumba kodyera ka mayi Zou
nthawi imene ngakhale agalu agona,
tiyi atazizira m'makapu, maso pakanema.
Anzanga ankaona mendulo.
Ine ndinkaona mchenga wa eni ake:
wa ku Doha woyera ngati mchere,
wa ku Roma wothiridwa madzi mopitirira.

Usiku wina kumeneko anauluka
monga sindinamuonepo,
miyendo ikupalasa mphepo, ikukana kutsika.
Mayi Zou anagwetsa chipande.
Mbendera yofiira inakwera.
Chala chinali chitabzola mzere
pang'ono chabe, utali wa njere ya mpunga.
Palibe anabwera ndi tepi.
Mnyamata wina wa malaya obiriwira, mnzanga pantchito,
anakoka chosalazira chake kawiri,
basi, kulumpha kuja kunatha.
Sindimuda. Anasalaza bwino.

Kawiri konse anakhala wachinayi,
malo amene sakuimbira nyimbo ya fuko.
Kamodzi anabwera ndi mkuwa m'khosi,
tauni yonse inaphulitsa makombola mpaka utsi kutsamwitsa.
Bondo lakumanzere ndilo linalankhula komaliza.

Chaka chatha m'nyengo yozizira ndinamuona pachipata
akutsimphina pang'ono, chikwama paphewa.
Anatulutsa nsapato zaminga zija, zong'ambika chidendene,
n'kuzigogoda m'mphepete mwa dzenje langa.
Munatuluka timchenga tosadzaza n'chikhatho chomwe.
"Wa maiko khumi ndi limodzi uwu, akulu," anatero.
"Musakanize."

Ndinasakaniza.
Tsopano m'mawa uliwonse amaima apo ndi mluzu,
ana asanu ndi mmodzi pamzere, mphuno zikuchucha,
ndipo ndimamumva akukuwa:
"Leka kuyang'ana thabwa iwe!"
Kamodzi ka anawo, Xiaotong, kamagwa n'kutembenuka msanga.
Ndimayamba ndakanda msana,
ndimachedwa dala.