Jekete la Mlamu

Jeketelo linali la mlamu wanga Asani,
la pa ukwati wake, mapewa otakata ngati chitseko,
koma Okutobala wa ku Salima salemekeza ukwati wa munthu.
Pofika pa Kamuzu Road msana unali utanyowa kale,
wakabaza akupalasa, ine kumbuyo
nditafukata envulopu ngati khanda lodwala.

Dzulo lake ndinatsuka zala ndi palafini,
kenako mchenga, kenako sopo,
koma penti wobiriwira anakana kusamuka m'zikhadabo.
Ndinapangana ndi manja anga:
lero mukhala pansi pa tebulo, musalankhule.

Pabenchi tinalipo atatu.
Wina wa tayi yofiira, laputopu pamiyendo,
Chingerezi chikutulukira m'mphuno.
Wina mtsikana wa ndolo imodzi, tsitsi lopota,
akutafuna chingamu ngati walembedwa kale.
Ine maso pa nsapato zanga,
polishi atabisa ming'alu, koma osati yonse.

Mkatimo makina osindikizira ankatsokomola,
fani ikutakasa mpweya wotentha womwewo.
Mayi Namaseko sanayang'ane jekete.
Mtima unawawa pang'ono: nanga ndavalira yani?
Anayala zojambula zanga patebulo,
chikwangwani cha saluni, baji ya timu ya mpira ya ku Khombedza,
nati, "Ng'ombe ili pakhoma la butchala
pafupi ndi depoti ija, munajambula ndinu?"

Ndinamwetulira mano onse. Ndine, mayi.

"Mwendo wake wakumbuyo ndi wa mbuzi."

Mayankho analipo, ochuluka.
Ndikanati mwini butchala anandilipira theka,
makwerero anali ogwedera,
dzuwa paliwombo, burashi yothothoka,
ndipo zonsezo n'zoona.
Mawu anafika pakhosi atadzikonza bwino.
Koma manja, osamvera pangano,
anatuluka okha pansi pa tebulo
nayamba kuloza m'malere
pamene bondo linayenera kupindikira.

"Ndimadutsapo tsiku lililonse," ndinatero,
"ndikafika pamenepo ndimayang'ana kutsidya kwa msewu."

Anaseka, osati kwambiri.
Anandikankhira pensulo ndi lisiti yakale yotembenuza.
"Vulani chimenecho musanakomoke. Jambulani mwendowo."

Ndinavula. Thukuta linali litalemba mapu pamalaya,
kolala ili yotembenuzidwa ndi telala wa pakhonde,
ndipo kwa mphindi zisanu ndinaiwala zonsezo.
Chiboda, mtsempha, kulemera kwa nyama yoimirira.
Iwo ankayang'ana zikhadabo zanga.
"Wobiriwira ameneyu mumasakaniza nokha?"
Eya, mayi.
"Kompyuta mumaidziwa?"
Ndinafuna kunama, lilime linaterereka
n'kugwera pa choonadi: pang'ono.
"Pang'ono," analemba.
Sindinaone ngati anadula mzere kunsi kwake.

Tidzakuimbirani, anatero,
mawu amene aliyense wa pabenchi paja anapita nawo kwawo.
Mwina wa tayi. Mwina wa chingamu;
zojambula zake ndinaziona potuluka,
zinali zabwino, ndisaname.

Jekete ndinabweza madzulo omwewo.
Asani analinunkhiza, nafunsa ngati lagwira ntchito.
Ndinati linakhala pampando mwaulemu
mpaka kumapeto.

Lero ndi Lachinayi, foni ili duu.
Ndabwereka makwerero kwa a Sumaili owotcherera,
penti wotsala ndamusungunula ndi palafini uja.
Mwini butchala akuti salipira kawiri.
Sindinamupemphe.
Ana asukulu aima, akufunsa ngati ndikufufuta yonse.
Iyayi, kumbuyo kokhaku.
Ng'ombeyi yaima miyezi isanu ndi iwiri pa mwendo wa eni,
ndipo ine ndikudziwa mmene chobwereka chimalemerera.