Wonyamula Makwerero ku Kaning'ina

Anandilemba ganyu yonyamula makwerero,
mtsikana wa ku yunivesite, Tiyezge Chavula,
jombo zake zazikulu ngati zobwereka.
Tinalowa m'Kaning'ina nkhungu isanadzuke,
mvula ya Mzuzu ija yosadziwa kalendala
ikutitsikira m'khosi.

Ndinkayesa tikukafuna nyani kapena njoka.
Iye anaima pa msuku wina wokalamba
n'kuyang'anitsitsa khungwa ngati akuwerenga kalata ya ngongole.
"A Mhango, mwakaona?"
Ndinaona khungwa basi.
Kenaka khungwalo linayenda.

Kanthu kosaposa chikhadabo cha khanda,
mapiko katapinda ngati denga,
mtundu wa ndere, mtundu wa phulusa lonyowa.
Ukakaloza kamazembera cham'mbali ngati nkhanu
kupita kuseri kwa mtengo,
ukakakamira kamangothetheka, osakaonanso.
Ana ake ali ndi timichira ta thonje,
amaboola khungwa n'kuyamwa mwakachetechete,
ndipo nyerere zimawazungulira, zimawakama,
abusa osalandira malipiro.

Dzina lake anandiuza, lachizungu, lalitali kuposa mwini wake.
M'Chitumbuka mulibe, m'Chichewa sindinalimvepo.
Ine ndinangokatcha kabisala.

Pa msuku uja tinawerenga khumi ndi tiwiri.
Pa mtondo titatu.
Ku Lunyangwa, kumene makungwa sauma ngakhale mu Okutobala,
pensulo inathyoka tisanamalize.
Pa paini, ng'o.
Pa bulugama wa ku Luwinga, wovula malaya chaka ndi chaka,
angamange nyumba ndani?

Madzulo ankayala mapu pa bondo
n'kudontheza timadontho tofiira,
apa tambiri, apa tiwiri, apa kamodzi kosochera.
Koma panali malo ena oyera mbee,
phiri lonse lopanda dontho.
"Kuno kunachitika chiyani?" anafunsa mapuwo, osati ine.

Ndinakonza chingwe cha makwerero
chomwe sichinamasuke.
Phiri limenelo ndimalidziwa ndi msana wanga:
matumba makumi anayi a makala,
njinga yopanda mabuleki kutsetsereka mbandakucha,
fizi ya Suzgo, malata asanu ndi limodzi,
bokosi la amayi ake.
Misuku inkalira m'uvuni usiku wonse,
ine n'kumati ndi madzi a mtengo.

Sindinamuuze. Iyenso sanafunsenso.
Anandilipira pa depoti, ndalama zonyowa,
n'kukwera minibasi atakumbatira timabotolo take.

Lero kunyumba ku Masasa
mkazi wanga wagula nkhuni za mazana asanu.
Ndatenga chikuni chimodzi, ndachitembenuza,
ndachiyandikiza kumaso pa kuwala kwa pakhomo.
"Mukufunamo chiyani? Moto ukuzima."
Ndati dikira pang'ono.
Ndikuona ngati khungwa ili
likufuna kuyenda.